Chitenje cha Amake Mkwatibwi

Mwana wanga atandiuza kuti wapeza mwamuna, ndinali pakhonde ku Chelstone ndikusankha mpunga m'lichero. Ndinalumpha, mpunga n'kumwazika, ndipo nkhuku za aneba zinadya bwino tsiku limenelo. Ndi mwana mmodzi yekhayo amene ndinabereka, wamkazi, ndipo bambo ake anatisiya iye akadali kusekondale. Pa moyo wanga wotsalawu ndinkayembekezera chinthu chimodzi: kudzaimirira pa kicheni pate yake, phwando lija la azimayi limene timachita kuno ku Lusaka ukwati usanafike, pamene matroni amaitana amake mkwatibwi kuti abwere kutsogolo adzavundukule mwana wawo. Ndinali nditavina pa maphwando a ana a anzanga mpaka mawondo kulira. Ndinkati langa likadzafika, adzachita kundigwira kuti ndikhale pansi.

Koma ndiyambe ndanena chimene a ku Chelstone amanong'onezana ndikamadutsa pamsika, musakachimve kwa ena chitathiridwa kale mchere. Ndinagonako kuchipatala cha odwala maganizo, ndipo sikunali kamodzi. Anthu a m'tauni muno sataya nthawi ndi mawu aatali ngati amenewo, amangoti "ba ticha baja banafunta". Ndi zoona ndinali mphunzitsi, ndi zoonanso mutu unasokonezeka. Chimene saonjezerapo n'chakuti ndinachira, ndimamwa mankhwala anga m'mawa uliwonse monga wa shuga amamwera ake, ndipo ana awo omwewo amabwera pakhonde panga kudzakonzekera mayeso.

Ntchito yanga inali kuphunzitsa mabuku akale a Chingerezi pasukulu ina ya sekondale, tikukhala m'mafulati a ku Kabwata. Ndinkawakonda mabuku amenewo kuposa ndiwo za nyama. Ine ndi akulu anga, amene ndinapondana nawo, tinayamba kuwawerenga tili atsikana kusukulu ya mishoni kummawa, ndipo amisala a m'mabukumo tinkawadziwa ngati abale. Mabuku ambiri anali naye wake. Wina ankamutsekera m'chipinda chakutali cha nyumba yaikulu, banja n'kumachita ngati kulibe. Wina ankamumanga maunyolo kuseri kwa mipanda italiitali, mlonda wa makiyi ambiri akumumenya, anthu olemera n'kumabwera kudzamuonerera ngati nyama ya m'khola. Tsitsi lawo linali nyankhalala nthawi zonse, maso ofiira, kuseka kwawo kothawitsa ana. Olemba ena achifundo pang'ono ankamusandutsa mneneri woona zimene anthu abwinobwino sakuziona, monga ifenso timanenera kuti wamisala anaona nkhondo. Chilombo kapena mneneri, kusankha kunathera pomwepo, ndipo mapeto ankafanana: moto, mtsinje, kapena kufa ali womangidwa. Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa sindinapezepo buku limene wamisala anachira, n'kutenga chikwama chake, n'kukwera basi kubwerera kwawo kukachapa makatani. Nthawi imeneyo sindinkaona kuti pakusowa kanthu.

Matenda anga anayamba amuna anga atamwalira. Tulo tinathawa, koma m'malo mofooka ndinali ndi mphamvu zosasimbika. Ndinkalankhula osapuma, ndinagawira aneba mipando ya pabalaza, ndinayamba kukonza zotsegula sukulu yangayanga yaikulu imene ndinkaiona bwinobwino m'maganizo, ndi mbendera yake yomwe. Tsiku lina m'kalasi ndinalemba bolodi lonse, litadzaza ndinapitiriza pakhoma, kenako pachitseko, ana ali duu. Ahedi anaimbira foni akulu anga ku Woodlands. Mmene ankandikweza m'galimoto sukulu yonse inali pamawindo, ndipo nkhani inafika ku Kabwata ife tisanatuluke n'komwe pageti.

Tikuyandikira chipatala ndinayamba kukuwa, ndipo mpaka lero akulu anga amati anali matenda. Sanali matenda, anali mabuku. Ndinkaganiza kuti ndikudziwa kumene akunditengera, popeza ndinali nditawerengera ana za malo oterowo chaka ndi chaka. Ndinkayembekezera maunyolo. Chimene ndinapeza ndi nesi wotopa amene anandifunsa ngati ndadya, bedi lachitsulo, ndi bulangete lonunkha sopo wa kuchipatala. Sindikunena kuti kunali kumwamba. Chitseko chinkakhomedwa, mawindo anali ndi waya, masiku oyamba anachita kundigwira pondibaya jekeseni, ndipo patapata zanga zinkasowa n'kupezeka kumapazi a wina. Koma chachikulu kumeneko, chimene palibe mlembi anandiuza, ndi kunyong'onyeka. Mankhwala amalemetsa lilime ndi miyendo, ndiye umangokhala padzuwa kudikira phala, phala likatha n'kumadikira nthawi ya alendo.

Panali mayi wina wogulitsa kapenta ku City Market amene ankatiluka tsitsi tonse, moti pa wodi yathu panalibe wa tsitsi nyankhalala ngakhale mmodzi. Panali mtsikana amene anadwala atangobereka, ankalira mabere akamutupa, ife n'kumamuthandiza kufinya mkaka. Panali agogo ena oimba nyimbo za kutchalitchi mosokoneza mavesi, ine n'kumawakonza mpaka tinayambana, kenako tinagwirizananso chifukwa cha malalanje. Mneneri sindinamuone, chilombo sindinachione. Ndinaona azimayi odwala amene ankafuna kupita kwawo. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Olemba aja anaima kunja kwa mpanda, ine n'kuwakhulupirira kuyambira ndili mtsikana.

Akulu anga sanalowemo ngakhale tsiku limodzi. Ankaimika galimoto pageti n'kupatsira nesi chakudya changa. Mwana wanga, amene anali atatsala ndi chaka kuti alembe mayeso omaliza, anamutengera ku Woodlands, ndipo anakana kuti abwere kudzandiona. Ankati mwana asaone zoterozo. Nditatuluka, matenda anabwereranso patapita miyezi, ndipo pamenepo tinagwirizana kuti mwana angokhala komweko amalize sukulu. Anamulera pamodzi ndi anyamata awo, anamupititsa kukoleji, sanamusale pa chilichonse. Ine ntchito ndinaisiya, fulati ndinabweza, n'kupeza kanyumba kano ka ku Chelstone, kumene mwana ankabwera kumapeto kwa sabata kudzadya chiwawa chotendera, ndiwo ya masamba a maungu imene ku Woodlands sadziwa kuphika. Kwathu mkulu wa mayi ako ndi mayi ako, choncho ankawaitana mami monga ankandiitanira ine, ndipo sizinandiwawepo. Ndinkayamika ndi mtima wonse. Ndinkauza aliyense wofuna kumva kuti chibale ndi fupa, sichiola, aone akulu anga.

Mnyamata wa mwana wanga anali wa ku Kabulonga, kwa anthu a mipanda yamagetsi ndi agalu odya bwino kuposa aphunzitsi. Akwawo atabwera kudzafunsira mbeta anapita ku Woodlands, ndipo sindinadabwe. Nkhani za malowolo ndi za amuna ndi ankhoswe, mayi sakhalapo, ndipo alamu anga, amuna a akulu angawo, ndiwo anali m'malo mwa bambo. Mkamwiniyo ndinangomuona pa foni ya mwana wanga, koma izinso sizinandidabwitse, poti mpongozi ndi mkamwini sathamangirana, amapewana mwaulemu mpaka nthawi yake itakwana. Misonkhano ya komiti yokonza phwando inkachitikira ku Woodlands. Ndikafunsa tsiku kuti ndipiteko, akulu anga ankati, "Iwe pumula chabe, vonse tili navo. Osazilemesa mutu." Ndinkaona ngati akundisamala. Mwambo umene ndinkaulemekezawo ndi umene unawapatsa pobisala, ine ndili kalikiliki kuyeserera magule pabalaza, wailesi ili pamwamba.

Pa kicheni pate, abale ndi a komiti amasoketsa chitenje chimodzi chofanana kuti alendo adziwe eni phwando. Amake mkwatibwi okha amavala chawochawo, chosiyana ndi onse, kuti akaimirira pasakhale wofunsa. Akulu anga anandiimbira kuti ndipite kwa telala wawo ku City Market akandiyeze, nsalu ili kale komweko. Ndinakwera minibasi ndili mwee, ndikusankha m'mutu mmene ndidzamangire duku. Telalayo anali bambo wonenepa wa tepi m'khosi, wolankhula mapini ali pakamwa. Atandiyeza m'chiuno anatulutsa nsalu yobiriwira ya timasamba tachikasu. Pambali pake panali mulu wa madiresi a nsalu yomweyo.

"Iyi ni ya komiti, ba telala," ndinatero. "Ine ndine bamake mkwatibwi."

Anaseka, osati mwachipongwe ayi. "Awe ba mami, ya bamake mkwatibwi ninasiliza kudala. Ni ija." Analoza diresi la mtundu wa golide lopachikidwa m'pulasitiki, duku lake lili paphewa. "Ni ya ba madamu ba ku Woodlands. Banakamba ati kuzabwela bang'ono babo ba ku Chelstone, mubasokele ya komiti. Si ndimwe?"

Ndinati ndine. Ndinamulola kuti amalize kuyeza, ndinakweza manja pamene anandiuza, ndinamuthokoza ndithu. Ndinatuluka n'kudutsa pakati pa matebulo a tomato ndi a salaula, zovala za kaunjika zija, anyamata a mawilibala akundikuwiza kuti ndichoke panjira. Ndinkadziuza kuti telala wasokoneza, matelala amasokoneza nthawi zonse. Koma m'malo mwa basi ya ku Chelstone ndinakwera ya ku Woodlands.

Ndinawapeza akulu anga pakhonde lakuseri akupukuta mapoto atsopano a mkwatibwi. Atangondiona nkhope anaika pansi chivindikiro.

"Nkala pansi tikambe," anatero.

"Nizakamba choimilila. Ba sisi, diresi ya golide ku City Market ni ya ndani?"

Sanakane, ndipo ndikadakonda akadakana kaye, ndione kuti ali ndi manyazi. Anandifotokozera mwadongosolo ngati nkhani ya kuofesi. Tsiku la malowolo, ankhoswe a kuchimuna, atatumidwa ndi amake mnyamata, anafunsa funso limene mabanja ena amafunsa: kodi pamtundu pano pali khunyu kapena misala? Alamu anga anayankha kuti palibe. Ndipo popeza mwana ankakhala m'nyumba imeneyo, akuitana mami ndi dadi, alendowo anangotenga kuti amenewo ndiwo makolo omubereka. Palibe anawakonza.

"Manje ganiza," anatero akulu anga mofatsa, mawu amene amalankhulira ndi kamwana kokana mankhwala. "Lusaka ni ing'ono. Pa pate pazankala bantu bamene banali pa sukulu paja, olo ba ku Kabwata. Umozi chabe akakuziba, nkani yafika kuli bamake mwamuna. Bakamvela ati ni anti, bazakamba ati ni vamene vimachitika. Bakamvela ati ni bamake, bazakamba ati vili mu magazi. Ufuna mwana ataye chikwati chifukwa cha diresi?"

"Si diresi, ba sisi. Ni mwana wanga. Ninamubala ine."

"Nanga ine sininamulele? Pamene unali kuja, enze kulila pa chifuba cha ndani?"

Pamenepo ndinakweza mawu. Ndinawauza kuti ndinawapatsa mwana kuti andisungire, osati kuti andilande, kuti amene wakusungira mbuzi sakhala mwini mbuzi ngakhale aidyetse zaka zingati. Ndinamenya tebulo, mapoto n'kulira. Akulu anga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutsitsa mawu.

"Wamwa mankwala lelo?"

Funso limenelo ndimalidziwa bwino. Chitulukire kuchipatala sindiloledwa kukwiya. Mayi wina aliyense akanaphwanya mapoto onsewo, aneba n'kunena kuti ali ndi chifukwa, amulakwira. Ine ndikakweza mawu, zayambanso. Ndikaseka kwambiri, zayambanso. Ndikakhala chete, mumuyang'anire, zikubwera. Ndinali nditamwa mankhwala anga m'mawa umenewo ndi tiyi, mutu wanga unali mbee, ndipo chimene chinkandiwawa chinali chenicheni ngati mwala wa m'nsapato. Koma ndinatsitsa mawu, ndipo ndinadziona ndikuwatsitsa.

Mwana wanga anali m'nyumba nthawi yonseyo. Anatuluka atavala za kuntchito, n'kugwada pambali panga monga ndinamuphunzitsira.

"Na iwe unaziba?" ndinamufunsa.

"Nenze nifuna kumiuzani, mami."

"Liti? Pa geti ya pate? Mwamuna wako aziba?"

"Aziba ati munadwalapo. Bamake ndiye sibaziba. Mami, ni siku imozi chabe."

Ndinamufunsa ngati amachita nane manyazi. Anakanda simenti ndi chala, kenako anayamba kulira.

"Mami, imwe simuziba. Chaka chamene munadwala, mu kilasi tenze kubelenga buku ya mukazi wamene banamukomela mu nyumba. Ba ticha banatiuza ati tilembe mwamene aonekela. Kilasi yonse inapindamuka kuyangana ine. Nenze kuganiza ati ndiye mwamene mulili kuja, ati banamimangani na macheni, ati mukuwa monga nyama. Nenze kuyopa kufunsa."

Bukulo ndinkalidziwa, ndinali nditaliphunzitsa mpaka chikuto kuthothoka. Chimene sindinkadziwa n'chakuti miyezi yonse imene ndinkakhala padzuwa ndikulukidwa tsitsi ndi mayi wa kapenta, mwana wanga ankandiona ndili m'maunyolo. Palibe anamugwira dzanja kuti akaone yekha. Anamusiyira mabuku aja, ndipo mabukuwo sanamusiye. Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo n'kumuuza zonse zimene sanandifunsepo, za phala, za patapata, za agogo osokoneza mavesi, za mtsikana wa mabere otupa amene anatuluka n'kukayamwitsa mwana wake. Anamvetsera, pena n'kuseka misozi ili m'masaya. Ndinaona ngati ndamubweza.

Nditamaliza anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Namimvelani, mami. Koma bantu sibaziba ivo. Baziba va mu mabuku na mu mafilimu. Napapata, nichitileni chabe iyi imozi."

Akulu anga anatolanso chivindikiro chawo n'kupitiriza kupukuta.

Masabata otsatirawo ndinaganiza zosapita. Koma ndikapanda kupita, akanauzana kuti mwaona, wadwalanso, tinachita bwino. Mnzanga wina wa kutchalitchi, amene ndinamuuza ndekha, anati ndipite ndikaimirire basi, Mulungu adzandiweruzira. Iye sanaitanidwe, monganso azimayi onse a ku Chelstone amene ndinavina pa maphwando a ana awo, ndipo tsopano ndinamvetsa chifukwa chake makhadi owaitanira ankachedwa kufika. Pomaliza ndinapita kukatenga diresi langa lobiriwira. Linandikwana bwino, telalayo amaidziwa ntchito. Ndinapita chifukwa ndinkafuna kumuona mwana wanga pa tsiku lake, ndiponso chifukwa kamtima kena kopusa kankandiuza kuti nthawi ikakwana, iye mwini sadzapirira.

Phwando linali m'munda wina wa maluwa ku Kabulonga, matenti oyera, mipando yovekedwa nsalu, azimayi oimba ng'oma atakhala pamphasa kutsogolo. Ovala zobiriwira tinali ambiri: asuweni anga, azilamu, ngakhale mlongo wa malemu amuna anga, amene anandiperekeza kuchipatala pokabereka mwana ameneyu. Onsewo ankadziwa. Anandipatsa moni mwachisangalalo chopitirira, maso ali pa ndolo zanga kapena pa nsapato, osati pankhope. Apa m'pamene ndinazindikira kuti nkhaniyi inakambidwa pamisonkhano ija ya komiti, anthu akumwa tiyi, n'kugwirizana. Anandikhazika mzere wakumbuyo pafupi ndi tebulo la mphatso, ndipo msuweni wanga wina wamphamvu, amene pa maphwando sachoka pafupi ndi ng'oma, tsiku limenelo anakhala nane phee, osapita ngakhale kokatenga chakumwa.

Ng'oma zinasintha, ndipo alangizi analowa ndi mkwatibwi atamufunda chitenje kuyambira kumutu, akuyenda pang'onopang'ono. Ndinamudziwa ndi mapazi, ali ndi chala chachiwiri chachitali ngati bambo ake. Anamukhazika pamphasa. Matroni, mayi wa mawu ngati kondakitala, anatenga maikolofoni.

"Bamake mwana bali kuti? Tiyeni tibaone bamene banavutika!"

Miyendo yanga inanyamuka yokha, sindinaitume. Ndinali nditachoka kale pampando pamene dzanja la msuweni linatera pabondo panga, lolemera, iye akumwetulira kutsogolo ngati palibe chikuchitika. Akulu anga anaimirira m'golide wawo n'kulowa m'bwalo. Anavina bwino, sindingawanamizire, ngakhale aliyense kwathu amadziwa kuti pa awirife wa chiuno ndi ndani. Anafika pamphasa, anagwira chitenje, n'kuvundukula mwana wanga. Anali wokongola moti ndinaiwala kupuma. Maso ake sanayang'ane kumbuyo kumene ndinali.

Mawu ndinali nawo okonzeka, ndipo ndine mphunzitsi, mawu anga amafika kumbuyo kwa kalasi popanda maikolofoni. Dzanja la msuweni ndikanalichotsa. Koma ndinaona bwinobwino chimene anthu onsewo akanaona: mayi woimirira pakati pa phwando n'kumakuwa kuti mkwatibwi ndi mwana wake, abale akumugwira manja, duku litagwa, ena akujambula ndi mafoni. Zoona zanga zonse zikanamveka ngati misala, ndipo akulu anga sakanafunika kunama ngakhale liwu limodzi, akanangopukusa mutu mwachisoni. Ndikanawapatsa wamisala wa m'mabuku aja wamoyo, kwaulere. Ndinakhala pansi.

Matroni anayamba kulangiza. Ananena za ukhondo, za kulandira alendo, za kulemekeza apongozi, kenako analoza akulu anga n'kukweza mawu.

"Iwe mwana, olo wayenda ku Kabulonga, osaibala kwamene wachoka. Mako ni mako, usamuone kuchepa mwendo!"

Nthungululu zinadzaza tenti. Mwana wanga anagona pansi pamapazi a akulu anga n'kuomba m'manja, mbali iyi ndi mbali inayo, monga timathokozera kholo. Ovala zobiriwira onse analulutira, ena akupukuta misozi, ndipo sindidziwa kuti misoziyo inali ya chiyani. Inenso ndinalulutira, chifukwa mayi wamng'ono wokhala chete pa nthawi yotero anthu amamuona. Sindinamvepo kuperekedwa ngati kumeneko, ndipo chimene chinandiwawa koposa n'chakuti mawu anga omwe anali m'gulu la ondipereka.

Nthawi ya chakudya itakwana, amake mnyamata anayamba kuzungulira kupereka moni kwa abale a kuchikazi, atagwira mkwatibwi dzanja, akulu anga akutsatira pambuyo. Ndinkayembekezera mayi wonyada wa mphuno m'mwamba, monga anandijambulira ku Woodlands. Amene anafika patebulo pathu anali mayi wamtali wa imvi, wolankhula motsitsa, amene anavula nsapato chifukwa zinkamupweteka n'kumayenda pa udzu ndi mapazi. Kaya akanathetsa ukwati atamva za ine, kaya akanangoti matenda ndi matenda, sindidzadziwa. Palibe anamupatsa mpata woti asankhe.

Anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kundiyang'anitsitsa, kenako n'kuyang'ana mkwatibwi.

"Iye, koma mupalana na uyu mwana! Maso, pamphumi, vonse. Ndimwe bandani?"

Akulu anga anatsegula pakamwa, koma ine sindinawayang'ane. Ndinayang'ana mwana wanga. Ng'oma zinali zitatha, golide anali atavinidwa kale, chitenje chinali chitavundukulidwa, zonsezo ndinali nditamupatsa. Chimene chinatsala chinali kaliwu kamodzi, konenedwa motsitsa kwa mayi mmodzi wopanda nsapato. Ndinadikira.

"Ni ba anti," anatero mwana wanga, maso ali pa udzu. "Bang'ono babo ba mami."

"Ndiye chake," anatero mayiyo akumwetulira. "Nanga imwe, muli na bana bangati?"

Msuweni anasiya kutafuna. Akulu anga anagwira mkanda wa m'khosi mwawo. Ndikanati ndili naye, akanafunsa kuti ali kuti, wamwamuna kapena wamkazi, bwanji sanabwere. Ndinamupatsanso mwana wanga kanthawi kena, kokwanira munthu kudzutsa mutu. Sanaudzutse.

"Nilibe," ndinatero.

Nkhope ya mayiyo inagwa ndi chisoni chenicheni. Anatenga dzanja la mkwatibwi n'kuliika m'dzanja langa, n'kutiphimba tonse ndi ake.

"Osadandaula, mayo. Mwana wa bakulu banu ni wanu na imwe. Iwe, wamvela? Uzibakumbukila ba anti bako."

"Namvela, mami," anayankha mwana wanga.

Dzanja lake lili m'dzanja langa linayamba kundifinya zala mwamphamvu, kumene palibe akanaona. Ndine amene ndinayamba kulisiya.